Kulipira Kuti Akuyendetseni mu Msika: Kufotokoza za Maulendo Olawa Zakudya M'mizinda

Munthu wozolowera kugula ndiwo pamsika tsiku ndi tsiku amadabwa akamva kuti pali anthu amene amalipira ndalama zambiri kuti wina awayendetse mu msika ndi kuwalawitsa zakudya zimene aliyense angagule ndi ndalama zochepa. Pachipata cha msika salipiritsa, ogulitsa ndiwo amachita kuitanira makasitomala, ndipo mitengo ndi yoti munthu wamba akwanitse. Nanga mlendoyo amakhala akugula chiyani? Maulendo oterewa afala m'mizinda yambiri, kuyambira ku Bangkok, Marrakech, Palermo mpaka ku Mexico City, ndipo nkhani zake zikamveka zimabwera m'njira ziwiri zotsutsana: ena amati maulendowa atukula ogulitsa zakudya ang'onoang'ono, pomwe ena amati asandutsa misika kukhala malo ongojambulirako zithunzi. Pofuna kumvetsa nkhaniyi tiyang'ana kwambiri msika umodzi, wa Warwick Junction mu mzinda wa Durban ku South Africa, umene Amalawi ambiri okhala ku KwaZulu-Natal amaudziwa chifukwa chodutsapo pokwera minibasi, kenaka tiuyerekeze ndi misika ina ya kutali.

Ulendo wolawa zakudya n'chiyani?

Ulendo wolawa zakudya ndi dongosolo limene kagulu ka alendo, kawirikawiri osapitirira khumi kapena khumi ndi awiri, kamayenda wapansi kwa maola awiri kapena atatu motsogozedwa ndi munthu wodziwa dera, n'kumaima pa malo angapo osankhidwiratu kuti aliyense alawe pang'ono chakudya cha pamalopo. Mawu ofunika apa ndi akuti kulawa. Mlendo sapatsidwa mbale yodzaza pamalo amodzi, koma kachidutswa apa, kapu yaing'ono apo, mpaka pomaliza ulendo amapezeka kuti wakhuta ngakhale sanakhale pansi kudya. Mtengo wa zolawazo umakhala uli kale m'ndalama zimene analipira poyamba, choncho iye satulutsanso chikwama kapena kunenerera mtengo.

Kuyenda ulendo chifukwa cha chakudya n'kwakale, pakuti anthu ankapita kale ku madera olima mphesa a ku France ndi Italy kukalawa vinyo. Chachilendo ndi kusamutsa chidwicho kuchoka m'malesitilanti odula kupita pa chiwaya cha m'mbali mwa msewu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, katswiri wa za chikhalidwe wa ku America, Lucy Long, anayamba kulemba za kukopa alendo kudzera m'zakudya monga phunziro loima palokha. M'zaka zotsatira, mapulogalamu a pa wailesi yakanema, makamaka a wophika Anthony Bourdain, anazoloweretsa anthu a m'mayiko olemera kuona munthu wotchuka atakhala pa kampando ka pulasitiki akudya pakati pa anthu wamba. Intaneti inamaliza ntchitoyo: makampani monga Viator ndi GetYourGuide, komanso Airbnb imene inayamba kugulitsa maulendo otere mu 2016, anachititsa kuti munthu ali ku London athe kulipiriratu ulendo wa mu msika wa ku Hanoi asanakwere n'komwe ndege.

Fanizo lapafupi ndi la mlendo amene wabwera kumudzi kwanu koyamba. Simumusiya kuti adziyendera yekha, koma mumamupatsa mwana wa pakhomo kuti amuonetse kumene kuli chitsime chabwino, nyumba imene amaphika thobwa lokoma ndiponso njira yoyenera kupewa kukada. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo chimene mlendo wa mu msika amalipira kwenikweni ndicho munthu womufunsira: womuuza chimene chili m'mphika, womasulira chinenero, wodziwa poika phazi.

Msika wa m'misewu ndi mbiri ya Warwick

Msika wa m'misewu umasiyana ndi sitolo yaikulu chifukwa sumangidwa kaye kuti anthu abwere, koma umamera pamene anthu akudutsa kale. Warwick Junction ili pamalo pamene sitima zapamtunda, mabasi ndi maminibasi zimatsitsira anthu ochokera m'makomboni akutali monga Umlazi ndi KwaMashu polowa m'tauni ya Durban. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti anthu pafupifupi 460,000 amadutsa pamalopa tsiku lililonse, ndipo ogulitsa malonda alipo pakati pa 5,000 ndi 8,000. Kwenikweni si msika umodzi koma misika isanu ndi inayi yolumikizana ndi milatho, masitepe ndi tinjira: wa ndiwo zamasamba ndi zipatso wotchedwa Early Morning Market, wa zokometsera ndiwo wa Victoria Street, wa mankhwala azitsamba, wa mikanda, wa dothi loyera ndi zofukiza, wa mitu ya ng'ombe, ndi ina yogulitsa zovala ndi nyimbo.

Malowa sanakhale chonchi mwangozi. Pa nthawi ya tsankho, malamulo a mizinda ya ku South Africa ankaletsa anthu akuda kuchita malonda pakati pa tauni, ndipo wogulitsa wa m'misewu ankayenera kumasuntha katundu wake pafupipafupi, apo ayi amangidwe. Warwick inali m'mphepete mwa tauni ya azungu, pamene mabasi a anthu akuda ankathera, choncho malonda ankachitika mozemba ndiponso mothamangitsana ndi apolisi. Lamulo la za malonda la mu 1991 linachepetsa mphamvu za makhonsolo zoletsa mavenda, ndipo anthu anakhamukira pamalopa mwaunyinji moti kunali zinyalala, kuthithikana ndi umbanda. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 khonsolo inayamba ntchito yokonzanso deralo, ndipo chimene chinatchukitsa ntchitoyi n'chakuti akuluakulu ake anasankha kukambirana ndi ogulitsa m'malo mowathamangitsa. Azitsamba anapatsidwa mbali ya msewu wam'mwamba umene unasiyidwa osamalizidwa, ndipo ophika anamangiridwa malo awoawo. Mu 2001 mzindawu unakhazikitsa ndondomeko yovomereza kuti malonda ang'onoang'ono ndi gawo la chuma chake.

Koma ubalewu sunakhale wosalala. Mu 2009, dziko likukonzekera mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010, khonsolo ya mzinda wa Durban, yotchedwa eThekwini, inalengeza kuti pamalo a Early Morning Market pamangidwa nyumba yaikulu ya masitolo. Ogulitsa anakana, panali zionetsero ndi kulimbana ndi apolisi, nkhani inapita kukhoti mothandizidwa ndi bungwe la maloya la Legal Resources Centre, ndipo mu 2011 khonsolo inasiya ganizolo. Maulendo oyendetsa alendo otchedwa Markets of Warwick anayamba m'nyengo yomweyi, mothandizidwa ndi bungwe la Asiye eTafuleni limene Richard Dobson ndi Patrick Ndlovu anakhazikitsa mu 2008 atachoka kukhonsolo kumene ankagwira ntchito yokonza deralo. Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti ku Warwick kuyendetsa alendo sikunayambe monga bizinesi chabe, koma kunalinso njira yoonetsera anthu a mu mzinda ndi a kunja kuti malo amene ankatchedwa auve ndi oopsa ali ndi dongosolo lake ndipo akudyetsa mabanja ambiri.

Wowerenga wa ku Malawi angakumbukire za mu Epulo 2006, pamene boma linachotsa mavenda m'misewu ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu n'kuwauza kuti alowe m'misika yomangidwa. Dandaulo la mavenda linali lomwelo limene ogulitsa a ku Durban ankanena, lakuti malonda ang'onoang'ono amatsata mapazi a anthu, ndipo ukawasunthira kumene anthu sadutsa wawapha ngakhale utawamangira denga labwino.

Pamalo ophikira mitu ya ng'ombe

Kuti tione chimene chimachitika pa ulendo wotere, tiime pamalo amodzi. Pamsika wa mitu ya ng'ombe, mitu imafika yathunthu kuchokera kophera nyama. Amuna amaisenda ndi kuiwaza ndi nkhwangwa pa matebulo olimba, kenaka amayi amaiwiritsa m'miphika ikuluikulu mpaka nyama ya m'masaya ndi lilime zitafewa. Mpweya wa pamalopo ndi wotentha, wodzaza nthunzi ndi fungo la msuzi wamafuta. Wogula akafika, mayi amavuula nyama, n'kuiduladula pa thabwa, pambali n'kuikapo mchere ndi tsabola, komanso buledi wophika ndi nthunzi amene Azulu amamutcha ujeqe kapena madombolo. Anthu amadya ndi manja atazungulira thabwa limodzi, ndipo ambiri mwa iwo ndi madalaivala a minibasi, onyamula katundu ndi antchito amene akufuna chakudya chogwira m'mimba pa mtengo wotsika.

Gulu la alendo likafika, wowatsogolera amayamba wapereka moni kwa mayi wophikayo ndi kupempha chilolezo, kenaka n'kufotokoza kuti nyama imeneyi, yotchedwa inhloko, pa mwambo wa Chizulu inkadyedwa ndi amuna pa zochitika zapadera, koma m'tauni yasanduka malonda a amayi. Amafotokozanso kuti kale amayiwa ankaphikira m'mbali mwa msewu pamoto wa nkhuni, ndipo mafuta ankatseka ngalande za mzinda, mpaka khonsolo inawamangira malo okhala ndi potayira madzi posefa mafutawo. Mlendo aliyense amatola kachidutswa kamodzi kapena tiwiri. Ena amatafuna mosangalala, ena amagwira nyamayo m'manja kwa kanthawi akuyang'ana mutu wosenda umene uli patebulo lapafupi. Pakatha mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu gululo limanyamuka, ndipo mayi uja amatembenukira kwa dalaivala amene wakhala akudikira.

Dalaivalayo tisamuiwale, chifukwa nkhani yonseyi yagona pa iye. Ndiye amabwera tsiku lililonse, mvula kaya dzuwa, ndipo ndi ndalama zake zimene zimachititsa kuti mphika ukhale pamoto. Mlendo anabwera kudzaona chakudya chimene dalaivala amadya. Tsiku limene dalaivala adzasiye kubwera, chimene mlendo anadzera chidzakhalanso chitapita.

Namulondola ndi njira imene ndalama imadutsa

Wotsogolera alendo, amene tingamutche namulondola, ndi mkhalapakati. Ntchito yake yooneka ndi kufotokoza, koma ntchito yake yaikulu ndi kusankha. Mu msika wa anthu ophika makumi atatu, iye amaima pa awiri kapena atatu, ndipo kusankhako kumatsimikiza amene apindule. Pali njira zingapo zimene amagwirizanirana ndi ogulitsa: ena amagula zolawazo pa mtengo wa aliyense, ena amalipira mtengo wogwirizana pa mutu wa mlendo aliyense, ndipo ena amalandira kangachepe kuchokera kwa wogulitsa alendo akagula katundu wina. Njira yachitatuyi ndiyo imadzetsa kukayikira, chifukwa mlendo sadziwa ngati waimitsidwa pamalopo kaamba ka kukoma kwa chakudya kapena kaamba ka mgwirizano wamseri. Zimafanana ndi woitanira minibasi amene amakuuzani kuti iyi ndiyo ikunyamuka pompano, pamene chimene chamukoka ndi ndalama imene kondakitala amupatse.

Ndalama imene mlendo amalipira imagawika isanafike pa mphika. Ngati walipira kudzera pa makampani a pa intaneti aja, iwo amatengapo gawo lawo, limene nthawi zambiri limakhala pakati pa 20 ndi 30 pa 100 iliyonse. Yotsalayo imapita kwa mwini kampani ya maulendo, amene amalipira namulondola, inshuwalansi, ziphaso ndi kutsatsa malonda, ndipo chakudya chenichenicho chimatenga gawo laling'ono chifukwa n'chotsika mtengo. Oikira kumbuyo dongosololi amati palibe cholakwika, pakuti chimene chikugulitsidwa ndi nzeru ndi nthawi ya namulondola, ndipo wophika walandira mtengo wake wonse kuphatikizapo makasitomala amene sakanabwera okha. Otsutsa amati popanda wophikayo palibe ulendo, choncho si chilungamo kuti nkhope yake ndi luso lake zikhale pa chithunzi chotsatsira malonda pamene iye walandira mtengo wa mbale imodzi.

Ku Warwick anayesa kuyankha funsoli pophunzitsa ogulitsa eniake ndi anthu a m'deralo kuti akhale otsogolera alendo, ndiponso pokambirana ndi makomiti a ogulitsa za kumene alendo azidutsa. Ubwino wake ndi woti munthu amene akufotokoza za msika ndi yemwe amaudziwa kuchokera mkati, ndipo anzake amamudziwa. Vuto lake ndi loti maulendo oterewa amadalira bungwe lowathandiza pa kutsatsa ndi kulandira alendo, ndipo sakhala ndi mphamvu yofanana ndi makampani akuluakulu pa intaneti. M'dziko la South Africa mulinso lamulo lofuna kuti wotsogolera alendo aphunzire ndi kulembetsa kuboma, zimene zimateteza mlendo koma zimakhalanso chipata chovuta kwa munthu wodziwa msika amene alibe ndalama za maphunziro.

Ukhondo ndi lamulo

Mantha aakulu a mlendo ndi kutsegula m'mimba, ndipo mbali ina ya ndalama zake amalipirira chitsimikizo chakuti sadwala. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, FAO, linayerekeza kuti anthu pafupifupi 2.5 biliyoni amadya zakudya za m'misewu tsiku lililonse, kotero nkhani ya ukhondo ndi ya eni mzinda poyamba, alendo pambuyo. Chimene akatswiri a zaumoyo amagwirizana n'chakuti ngozi siichokera pa kuphikira panja pakokha, koma pa zinthu zodziwika: madzi osatetezeka otsukira mbale, chakudya chophikidwa m'mawa n'kukhala chofunda tsiku lonse, kusakaniza nyama yaiwisi ndi yakupsa pa thabwa limodzi, ndi kusowa kwa zimbudzi ndi posamba m'manja. N'chifukwa chake namulondola wodziwa ntchito amasankha malo amene pali mzere wa anthu, kumene chakudya chimachoka pamoto n'kupita m'manja mwa wogula chisanazizire, ndipo amapewa madzi oundana ndi zipatso zosendedwa kale.

Maboma ayankha nkhaniyi m'njira ziwiri. Singapore inasankha kumanga: kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 boma linalembetsa ogulitsa a m'misewu, ndipo pakati pa 1971 ndi 1986 linawasamutsira m'malo odyera okhala ndi madzi a m'mipopi, magetsi ndi ngalande. Malo oterewa tsopano alipo oposa 100, ndipo mu Disembala 2020 UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika chikhalidwe chimenechi pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Njira ina ndi yoletsa, imene imabwera makamaka pa nthawi ya mliri. Mu Januwale 2018, kolera itavuta ku Lusaka, boma la Zambia linachotsa mavenda m'misewu mothandizidwa ndi asilikali, ndipo m'dera la Kanyama mu mzindawo munabuka zipolowe. Ku Malawi nakonso, pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 umene unapha anthu oposa 1,700, akuluakulu analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu ndi m'madepoti. Oletsa amati moyo wa anthu ndiwo woyamba ndipo mliri sudikira zokambirana. Ogulitsa amayankha kuti amalipira tikiti ya msika tsiku ndi tsiku, ndipo mpopi ndi chimbudzi zimene zikusowazo ndi udindo wa khonsolo imene imatolera ndalamazo.

Chakudya chenicheni cha eni dera

Pafupifupi ulendo uliwonse wolawa zakudya umalonjeza chakudya chenicheni cha eni dera, ndipo mawu amenewa ndi ovuta kuposa mmene amamvekera. Chakudya chotchuka kwambiri cha ku Durban ndi bunny chow, buledi wobooledwa pakati n'kuthiramo nyemba kapena nyama yophikidwa ndi zokometsera za curry. Anachiyambitsa ndi Amwenye a mu mzindawu, amene makolo awo ambiri anabwera kuyambira mu 1860 kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe ya ku Natal. Buledi woyerayo ndi wa Azungu, zokometserazo ndi za ku India, ndipo odya ambiri ndi Azulu. Za chiyambi chake pali nkhani zingapo: ena amati chinali njira yonyamulira chakudya kupita kuntchito, ena amati chinkaperekedwa pawindo kwa anthu akuda amene malamulo a tsankho sankawalola kukhala m'lesitilanti. Namulondola aliyense amasankha nkhani imene amaikonda, ndipo mlendo amapita nayo kwawo ngati mbiri yotsimikizika.

Zoterezi zili paliponse. Tsabola amene amadziwika naye anthu a ku Thailand ndi India anachokera ku America kudzera mwa Apwitikizi. Chakudya cha pad thai chinafalitsidwa ndi boma la Thailand cha m'ma 1940 pofuna kulimbikitsa mtima wokonda dziko. Ngakhale chimanga chathu, chimene timati ndi moyo, chinachokera ku America zaka mazana angapo zapitazo n'kulowa m'malo mwa mapira ndi mawere, ndipo palibe amene anganene kuti nsima si yathu. Choncho chenicheni sichingatanthauze chosasakanizika kapena chosasintha. Tanthauzo limene lingagwire ntchito ndi lakuti chakudyacho chikuphikidwa mmene eni dera amachifunira, pa mtengo umene iwo angakwanitse. Wophika akayamba kuchepetsa tsabola, kuchotsa mafuta ndi zam'kati, kapena kuika nyama m'timbale tokongola chifukwa choti alendo amakonda choncho, chakudyacho chimakhala chikusintha mwini, ngakhale dzina lake likhale lomwelo.

Msika ukatchuka

Walira mvula walira matope. Msika wa La Boqueria ku Barcelona ndi chitsanzo chimene chimatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi. Malonda a nyama pamalopa amatchulidwa m'zolembedwa za mu 1217, mwala wa maziko a msika wamakono unaikidwa mu 1840, ndipo denga lake lachitsulo linamalizidwa mu 1914. Kwa zaka zambiri unali msika umene amayi a mu mzindawo ankagulako nsomba, nyama ndi masamba. Alendo atachuluka, ogulitsa ambiri a pafupi ndi chipata anaona kuti munthu wogona kuhotela sagula nsomba yaiwisi, ndipo anasintha n'kuyamba kugulitsa timadziti ta zipatso m'makapu ndi tizakudya tonyamula m'manja. Eni mzinda anayamba kudandaula kuti sangathe kudutsa ndi dengu pakati pa anthu ojambula zithunzi. Mu 2015 khonsolo inaletsa magulu a alendo oposa 15 kulowa mu msikawo Lachisanu ndi Loweruka kuyambira m'mawa mpaka masana, pofuna kuti ogula enieni apeze mpata.

Kutchuka kumalemeranso munthu mmodzi. Ku Bangkok, mayi wophika wodziwika ndi dzina loti Jay Fai, amene amakazinga mazira osakaniza ndi nyama ya nkhanu pa mbaula za makala atavala magalasi oteteza maso, analandira nyenyezi ya Michelin, ulemu wotchuka umene umaperekedwa kwa malo odyera ophika bwino kwambiri, kumapeto kwa 2017. Kuyambira pamenepo anthu ankadikira maola ambiri pakhomo pake, ndipo iye anauza atolankhani kuti akanakonda kubweza ulemuwo chifukwa ambiri ankabwera kudzajambula osati kudzadya. M'chaka chomwecho akuluakulu a mzinda wa Bangkok analengeza zochotsa ogulitsa zakudya m'misewu, ndipo dziko litadandaula anafotokoza kuti madera okondedwa ndi alendo monga Yaowarat ndi Khao San adzasungidwa. Apa pali phunziro lokhala ndi mbali ziwiri: chidwi cha alendo chinateteza ogulitsa a m'misewu yotchuka, koma ogulitsa a m'madera amene amadyetsa antchito wamba, kumene alendo safika, analibe chishango chotere.

Warwick sinafike pamenepo, ndipo mwina siingafike msanga, chifukwa alendo ndi dontho chabe pakati pa anthu zikwizikwi amene amadutsa pothamangira sitima. Vuto la kumeneko ndi lina: funso la ulemu. Pamsika wa zitsamba anthu amabwera ndi matenda ndi mavuto a m'banja amene safuna kuti aonekere, ndipo si wogulitsa aliyense amene amakondwa kujambulidwa. N'chifukwa chake otsogolera alendo amachenjeza kuti munthu apemphe kaye asanatulutse kamera. Ena amafanizira maulendowa ndi aja oyendetsa alendo m'makomboni osauka, amene amadzudzulidwa kuti amasandutsa umphawi kukhala chionetsero. Ena amati kusiyana kwake n'kwakuti mu msika mlendo amakumana ndi munthu pa ntchito yake, monga katswiri wa chimene akuchita, ndipo amalipira chimene walandira.

Mafunso amene akadali poyera

Funso loyamba ndi la muyeso: kodi msika ungalandire alendo angati usanasiye kutumikira eni ake, ndipo ndani ayenera kuika malirewo pakati pa khonsolo, makomiti a ogulitsa ndi makampani a maulendo? Barcelona inasankha nambala ya 15, koma nambalayo imachepetsa kukula kwa gulu limodzi, osati kuchuluka kwa magulu kapena kwa alendo oyenda okha.

Lachiwiri ndi la kagawidwe ka phindu mkati mwa msika momwemo. Ngati ophika awiri alandira alendo sabata iliyonse pamene anzawo oyandikana nawo akungopanikizidwa ndi gulu loima patsogolo pa benchi lawo, kodi payenera kukhala kasinthasintha, thumba la onse, kapena zisiyidwe kuti mpikisano uweruze? Ndipo kodi wophika amene chithunzi chake chikugulitsa ulendo pa intaneti ali ndi gawo pa ndalama imeneyo?

Palinso funso la amene amateteza ogulitsa osatchuka. Ngati mtengo wa msika pamaso pa akuluakulu a mzinda uyamba kuyezedwa ndi chiwerengero cha alendo akunja, misika imene imadyetsa antchito okhaokha idzaima pa chiyani ikadzafunidwa ndi omanga masitolo? Khoti lalikulu la ku Durban linagamula mu 2015, pa mlandu wa wogulitsa nsapato John Makwickana, kuti kulanda katundu wa venda mmene khonsolo inkachitira kunali kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, zimene zikusonyeza kuti chitetezo china chimachokera kukhoti osati kwa alendo, koma ndi ogulitsa ochepa amene angathe kufika kumeneko.

Lomaliza ndi la m'badwo wotsatira. Ku Singapore, kumene boma linamanga malo ndipo UNESCO inapereka ulemu, ophika ambiri ali ndi zaka za m'ma 60, ndipo ana awo ophunzira safuna ntchito yodzuka usiku ndi kuima pamoto maola khumi ndi awiri pa phindu lochepa. Kukweza mitengo kungakope achinyamata kulowa ntchitoyi koma kungathamangitse ogula wamba, pomwe kuisunga yotsika kumasunga ogulawo koma kumafooketsa ophika. Sizinadziwike ngati ndalama za alendo zingatseke mpata umenewu, kapena ngati zingangothandiza ophika ochepa otchuka pamene ena onse akutseka malo awo mmodzimmodzi.